Chitini cha a Makwinja

Loweruka lapitali ndinaona munthu wamkulu, wa imvi zake, akudziphera yekha ntchito pamaso pa anthu. Mpaka lero mtima ukundiwawa.

A Makwinja mumawadziwa, inu a kuno kwa Mwambo. Ndi aja amayenda pa njinga m'masukulu kuchita masewero a matsenga. Amakuonetsani chitini chopanda kanthu, n'kuchivundikira ndi mpango, kenaka mpunga waa! kukhuthukira pa tebulo. Zaka zonsezi takhala tikuwaombera m'manja.

Kale ankayenda awiri ndi a Nakhumwa. Atadana, aliyense anayamba kuyenda payekha, koma anthu ankathamangirabe kwa a Makwinja. Ndiye a Nakhumwa anatani? Kuphunzira masewero atsopano? Ayi. Anangodutsa pa sikimu ya mpunga ya Likangala n'kusiyapo funso limodzi: "Kodi mpunga umatuluka m'chitini uja mumati umachokera m'munda mwa yani?"

Basi. Kuti chaka chino madzi anachedwa ndipo mbalame zinatidyera mpunga, zonsezo tinaiwala. Aliyense amene anakolola pang'ono anamudziwa wakuba wake.

A Makwinja atafika pa sukulu imene ndimaphunzitsa, anapeza makolo ambiri kuposa ana, ndi a tcheyamani a chipani omwe pa mpando wakutsogolo. Mayi wina, mnansi wanga amene timapemphera mpingo umodzi, anaimirira.

"Bambo, musanayambe mutiuze. Ife tizilima, inu muzikawa mpunga wathu ndi mankhwala?"

"Amayi, awa ndi masewero chabe."

"Masewero? Tionetseni m'kati mwa chitinicho. Apo ayi, kuno musadzapondenso."

Taganizani inu. Akakana, ndi mfiti, ndipo tonse tikudziwa zimene zimagwera nyumba ya munthu wotchedwa mfiti. Akaulula, adzabwerenso ndani kudzaonera chinthu chimene akuchidziwa kale?

A Makwinja anachiyang'ana chitini chija nthawi yaitali. Kenaka anapisamo dzanja n'kukankha ndi chala. Pamene ife timati ndi pansi pa chitini, ndi kachidutswa ka lata chabe kobisa mpunga kunsi kwake. Mpunga wake wodzaza manja awiri, womwewo chaka ndi chaka, wakuda ndi kugwiragwira, woti ngakhale nkhuku ingaukane.

Mukuganiza kuti tinapepesa? "Aa, zomwezi? Ndiye nthawi yonseyi amangotipusitsa!" Anthu anatuluka akunyogodola. Mnansi wanga uja anandiuza panjira kuti iye sanakhutire, ati chitini chenicheni a Makwinja anachisiya kunyumba.

Zimanditopetsa zimenezi. Mlimi akakolola kuposa ife, ali ndi chizimba. Msodzi akadzaza bwato ndi matemba, pali chimene anakwirira padoko. Mwana akakhoza mayeso, anamutemera mphini. Zoti munthu anakhala pansi n'kuphunzira chinthu mpaka manja kuzolowera, zimenezo timakana kwamtuwagalu. Wansanje amatidziwa bwino, n'chifukwa chake savutika n'kupikisana. Amangoponya funso, ntchito yotsalayo timamugwirira ndife.

Ndikuti "ife" chifukwa nanenso ndinali pomwepo, choko m'manja, kukamwa kuli chete. Manyazi ake ndili nawo.

Dzulo ndinakumana ndi a Makwinja akupita kudoko kukapempha ganyu yokoka khoka. Pamtengo wa pamsika panali chikalata chatsopano: a Nakhumwa akubwera Loweruka ndi chitini cha mpunga, ati chawocho ndi cha mankhwala enieni ochokera kutsidya kwa nyanja. Anthu akukonzekera kale kukaonera, ndipo dzina lawo akulitchula monong'ona.

Inu amene munalimba mtima kuimirira pamaso pa nkhalamba yopanda mankhwala ija, Loweruka likubwerali adzaimirire ndani?