Nkhuku yopepesera ndinabwerera nayo

Mwana wanga wamwamuna anapita ku Nselema kukacheza kwa bambo ake pa holide, koma anabwerako munthu wina. Bambo akewo tinasiyana, ndipo anakakwatira mkazi wa golosale, wa sola padenga ndi foni yaikulu ngati mbale. Ine ndimagulitsa zitumbuwa pa siteshoni ya Nkaya. Kafoni kanga n'kamabatani, komanga ndi mphira.

M'foni ya mkaziyo munali gemu ya anthu omenyana mpaka magazi. Mwana anabwera akuponya mateche m'malere, uku akukuwa kuti, "Wafa! Wafa!" Anathyola mwendo wa bakha wa aneba, mlongo wake naye analawa chibakera. Koma kunena zoona, chimene chinkandiwawa kwambiri chinali pakamwa pake. Amayi a ku Nselema amatere, amayi a ku Nselema tiyi amathira mkaka. Amayi! Anamubereka ndi iwowo? Nsanje inkandidya ngati chiswe.

Sukulu itayandikira kutsegulira, anakakamira zokaphunzira komweko. Achimwene anga, omwe ndi eni mbumba, anati msiyeni, teremu imodzi siipha munthu. Ndinalola pakamwa pokha.

Uthenga ndinaumvera kwa mayi wina wogulitsa tomato: mwana wanga wagulula mnzake dzino ndi theche kusukulu. Chisoni ndinamva, inde, koma pansi pa mtima ndinati eya, mkazi uja wapezeka. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Akalakwa, wokapepesa ndi mayi ake kapena malume ake, nkhuku ili kukhwapa. Ndinagwira thadzi langa lonenepa n'kukwera minibasi. Mawu ndinakonzeratu m'njira: gemu yanu yandionongera mwana, ndipatseni ndizipita naye.

Ndinayambira kwa makolo a mwana wovulalayo. Ndinapeza mayi ake akusesa pabwalo, ndinagwada n'kufotokoza chimene ndadzera.

"Iyayi, nkhani inatha kale," anatero mayiyo. "Mayi ake a wolakwayo anabwera ndi tambala, anagwada pomwe mwagwadapo."

"Mayi ake ndine," ndinatero.

Anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi. "Pepani, ife sitimadziwa."

Ndinadzuka n'kunyamula thadzi langa. Mkazi wa golosale uja mwamuna anatenga, ndinapirira. Tsopano mpaka mlandu wa mwana wanga womwe wandilanda!

Ndinawapeza kuseri kwa golosale, iye ndi mwana wanga, akusenda nandolo m'lichero limodzi. Mkaziyo anandiyalira mkeka n'kundilonjera mwaulemu, zomwe zinangondiwonjezera moto. Ndinakhuthula zonse za gemu ija, osapuma.

"Mwanena zoona, mayi," anayankha. "Ndinaifufuta tsiku lomwelo, ndipo foni sakhudzanso. Analira, anatopa. Chichokereni apo sanamenyenso munthu."

Ine ndinkafuna atsutse, tikangane, anthu asonkhane. Nanga munthu wovomera umalimbana naye bwanji? Ndinatembenukira kwa mwana.

"Wamva? Gemu kulibenso kuno. Katenge zovala zako tizipita."

Sanandiyang'ane ine. Anayang'ana mkazi uja. Kenako, manja ali m'lichero momwemo, anati, "Ndimalize kaye teremu."

Nthawi yonseyi ndinkadzitonthoza kuti mwana wagwidwa ndi foni, ndipo foni ikachoka abwerera yekha. Foni inali itachoka.

Teremu ija inatha, ina inayamba. Thadzi lija ndinabwerera nalo ku Nkaya, linaswa anapiye, anapiyewo akula mpaka ayamba kuikira. Mwana sanabwerebe.