Tsiku limene mpopi unatsala m'manja mwa ana

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tinkakhala m'komboni ya Kanyama. Sukulu inandikana msanga, koma mawu ndinali nawo. Ndikaitana munthu ndili pakhomo pathu, ankamva ali kumsika. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi chokha. Tsiku lina m'mamawa kunabwera malole kudzatenga akuluakulu kuti akachingamire mlendo wa boma kubwalo la ndege. Onse, ndikukuuzani! Ndi msika womwe anatseka. M'komboni tinatsala ife ana, nkhalamba zingapo ndi odwala.

Chigawo chathu chinali ndi mpopi umodzi. Lamulo lake silinalembedwe paliponse. Ukafika unkaika chitini chako kumbuyo kwa cha mnzako, ndipo chitinicho chinkakuimira ngakhale upite kosewera. Amayi ankakangana pa zambiri, koma chitini cha mwini sankachisuntha.

Tsiku limenelo mnyamata wina wamkulu kuposa tonsefe, dzina lake Fakisoni, anazula chotsegulira mpopi n'kuchiponya m'thumba. Anang'amba mapaketi a fodya n'kunena kuti ndi makadi, kutengera anyamata a chipani amene ankaima pakhomo la msika kufunsa anthu makadi a chipanicho. Wofuna kadi agwade, amutchule kuti ba Tcheyamani, ndiye amutsegulire madzi. Tinaseka, tinkati ndi masewera. Koma Fakisoni anali ndi timawu tating'ono, ndiye anandikodola.

"Iwe Yotamu, bwera kuno. Uza bonse: kulibe kadi, kulibe manzi."

Ndinakwera pamwala n'kukuwa, ndipo ndisaname, ndinamva kukoma. Ana onse aja ankanjenjemera ndi mawu anga. Dzuwa litafika pamutu, sanalinso masewera. Kugwada kunasiya kukwanira. Wofuna kadi ankayenera kuyamba wamenya mnzake mbama. Anyamata amene dzulo lake tinkasewera nawo mpira wa mapepala anathyola ndodo n'kumayenda mozungulira mpopi. Fumbi, kulira, kununkha kwa ngalande, ndipo palibe amene ankasekanso.

Chitini choyamba pamzere chinali cha Enelesi, kamtsikana koonda, kakang'ono kwa ine. Mayi ake anali atangochira kumene, ali gone ndi khanda m'nyumba mopanda ngakhale dontho la madzi. Enelesi anakana kugwada.

"Chitini changa chinafika kuseni, m'mamawa," anatero. "Ndine oyamba."

"Yotamu, chaya chitini!" analamula Fakisoni.

Ndinachimenya theche ndine, ndi phazi langa lomweli. Chinagubuduka mpaka m'ngalande. Enelesi anapita, anachitola, anachipukuta ndi diresi lake, n'kuchiika pamalo pomwe paja. Ndinachimenyanso. Anakachitenganso. Kachitatu chinapindika m'mbali. Milomo yake inali itauma, misozi ikutsika, koma anachibwezera pompaja.

Fakisoni anavula lamba. "Manje uza bonse, aliyense amukwapule kamozi."

Ndinayang'ana anyamata a ndodo aja. Sankayang'ana Fakisoni ayi. Onse maso anali pakamwa panga, kudikira kuti ndinena chiyani. Kamtsikana kaja kanangoima, dzanja lili pachitini chake. 

Ndinakweranso pamwala paja, ndinakoka mpweya, ndinakuwa mpaka agalu anauwa.

"Enelesi oyamba! Kumbuyo kwake Chanda! Kumbuyo kwa Chanda, Mabvuto!"

Ndinkatchula mayina motsatira zitini, mmene zinafikira m'mawa. Mwana akamva dzina lake ankathamangira pachitini chake, ngakhale uja wa ndodo m'manja, chifukwa nakonso kwawo kunalibe madzi.

Fakisoni anandikokera pansi. Chibakera chake chinandigulula dzino lakutsogolo. Ndinadzuka, ndinalavula magazi, ndinapitiriza kuitana. Anandigwetsanso. Mumtima ndinati kaya andithyole nthiti, mayinawa ndiwatha lero. Ena ndinawatchula nditagwada m'matope. Pomwe ndinkafika kumapeto kwa mzere, kumbuyo kwa Fakisoni kunalibe munthu ngakhale mmodzi.

Anatulutsa chotsegulira chija n'kuchikweza m'mwamba. "Nayenda nacho ichi! Muzamwa chani?"

Anapitadi nacho, akucheuka kuti mwina wina amutsatira. Chanda, mwana wa bambo wina wokonza njinga, anathamanga kukatenga sipanala ya bambo ake. Tinavutika nayo, inkaterereka, koma madzi anatuluka.

Enelesi anatunga poyamba. Atasenza, ine ndinaima patsogolo pake chifuwa chili panja, kudikira zikomo. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Unachaya chitini changa katatu," anatero.

Anandilambalala n'kumapita, madzi akudontha pamene ndinapinda paja, akumunyowetsa paphewa.

Kwa zaka zambiri nkhani iyi ndinkaifotokoza pamowa ngati ya ngwazi, ndikuonetsa anthu mpata wa dzino. Za mateche aja ndinkadumpha. Lero ndakalamba, ndipo ndimayambira pomwepo, chifukwa ndi pamene pali nkhani. Fakisoni anali ndi manja awiri okha ngati ine ndi inu. Manja ena onse aja, ndi pakamwa pomwe, tinachita kumubwereka ife, ndipo titangomulanda anatsala mwana ngati ana ena. N'chifukwa chake mpaka lero munthu akandiuza kuti ndikuwe zakutizakuti, kaya ndi kutchalitchi, kaya ndi pamsonkhano wa m'komboni, ndimayamba ndamufunsa kuti amene akwapulidwe ndi ndani. Akalephera kundiyankha bwino, sindikuwa, olo anditukwane.