Bala la Phula Limene Linachotsa Amayi pa Shifiti

Amayi anga anagwira ntchito ya unesi zaka zambiri, kuyambira ku Zomba mpaka kuno ku Leicester, osaitanidwapo mu ofesi ya bwana kuti akayankhe mlandu. Tsiku loyamba kuitanidwa, anaitanidwa chifukwa cha ine, ndipo ntchito yawo inatsala pang'ono kuthera pomwepo. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Nthawi imeneyo ndinali pa koleji ya m'tauni, pa kosi ya zaumoyo imene munthu amayambira akafuna kudzakhala paramediki, anthu aja a yunifomu yobiriwira oyenda mu ambulansi. Za m'mabuku zinkandigonetsa tulo, koma Lachinayi ndinkafika woyamba chifukwa linali tsiku lophunzira ndi manja. Tinkapopa zifuwa za zidole zapulasitiki, kumangana mabandeji, kunyamulana pamachira. Aphunzitsi athu anali mayi wachizungu wamfupi amene anayenda mu ambulansi mpaka msana unawakana. Ankati munthu akaona magazi koyamba amaiwala zonse zimene anaphunzira, choncho anatiphunzitsa kuumba mabala abodza kuti maso athu azolowere. Anali ndi bokosi la phula lofewa, utoto, ndi magazi a m'botolo onunkhira ngati manyuchi. Theka la kalasi linkakhala ovulala, theka lina opulumutsa.

Mbiri yanga pa kolejipo inali itamveka kale. Ndine amene ndinaveka chimodzi mwa zidole zija jekete ndi chipewa n'kuchikhazika m'chimbudzi cha atsikana, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mmene anthu ankatulukiramo ndimaseka ndekha. Koma pa mabala ndinapeza luso lenileni. Anzanga ankangopaka magazi ambirimbiri ngati akudzoza jamu pa buledi. Ine ndinkadziwa kuti bala limaopsa m'mphepete mwake, pamene khungu lapindika.

Lachinayi lina, magetsi a chikondwerero cha Diwali atayamba kale kukolekedwa mumsewu wa Belgrave Road, ndinaumba bala pa mkono wanga wamanzere, kuchokera pansi pa chigongono kutsika. Ndinathyola sipuni yoyera yapulasitiki ya ku kantini n'kusomeka kachidutswa pakati kuti kaoneke ngati fupa. Aphunzitsi atafika pa ine anaima kanthawi, kenako anaitana kalasi yonse kuti idzaone. Mutu unandikula. Pa nthawi yopuma ndinatuluka kuseri, ndinagoneka mkono pa simenti ya masitepe, n'kujambula ndi foni. Chithunzicho ndinatumiza kwa msuweni wanga wa ku Normanton, ku Derby, mtsikana wa msinkhu wanga amene amakuwa akaona kangaude. Ndinalemba kuti ndagwa pa masitepe, koma asauze munthu aliyense.

Kenako belu linalira. Lamulo la aphunzitsi linali lakuti mafoni onse azitsekeredwa m'kabati phunziro likayamba, chifukwa wopulumutsa anthu sayang'ana m'thumba. Foni yanga inakhala m'menemo maola awiri.

Zimene zinachitika m'maola awiriwo ndinazimva pambuyo pake, kwa anthu osiyanasiyana, aliyense akundiyang'ana ndi diso lofiira. Msuweni anandiimbira kangapo. Ataona kuti sindikuyankha, anathamangira kwa amayi ake, azakhali anga, alongo awo a malemu bambo. Azakhali anaponya chithunzicho pa gulu la pafoni la amayi a kutchalitchi kwathu n'kulemba kuti aliyense asiye zimene akuchita, apemphere. Kenako anaimba foni ya kuntchito kwa amayi.

Amayi ankagwira pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Evington. Masana amenewo anali nesi yekhayo m'nyumba yonse, ndipo anali pakati pogawa mankhwala. Lamulo la kumeneko nalonso ndi losavuta kumva: nesi sachoka mpaka nesi mnzake atafika, ndipo makiyi a kabati ya mankhwala amachoka m'manja mwa nesi kulowa m'manja mwa nesi basi. Amayi anatsegula foni yawo, anaona chithunzi, anaika makiyi m'manja mwa mtsikana wosamalira amene analibe chilolezo chogwira mankhwala, n'kutuluka. Ngakhale chikhoti anachisiya pa mpando. Anakwera takisi kupita ku chipatala chachikulu, kumalo olandirira ovulala, kumene anafunsa za ine mobwerezabwereza mpaka anthu a pawindo anayamba kuwamvera chisoni.

Ine nditatsegula kabati ndinapeza foni yadzaza. Poyamba ndinasekerera, ndimvekere wagwa nayo msuweni. Kenako ndinaona kuti mwa oimbawo muli amayi, ndiponso azakhali, ndi manambala ena osawadziwa. Pamenepa m'pamene pali chinthu chimene sindichitchula ndikamafotokozera anzanga nkhaniyi. Sindinaimbe. Ndinathimitsa foni. Ndinakulunga bandeji pamwamba pa phula lija n'kukwera basi, ndikuganiza kuti pofika kwathu ku Belgrave ndikhala nditapeza bodza lokwanira. Ulendo wonsewo amayi anali chiimire pa chipatala.

Kwathu tinkakhala awiri, ine ndi amayi, m'kanyumba ka mumdadada wa nyumba zogundizana. Nditatsegula chitseko ndinapunthwa pa nsapato. Zinali zambiri, za amayi okhaokha, zina za kuntchito zakuda zija. Pabalaza ankaimba nyimbo yapansipansi. Anthu akwathu tsoka likagwa pakhomo safunsa ngati abwere. Amangobwera n'kukhala pansi. Amayi atcheya a gulu la kutchalitchi ankasunga kiyi wathu wina, ndiye anatsegula, ndipo ena anatsatira. Ena anali atadzuka patulo atagwira ntchito usiku wathawo, maso ali psu. Wina anali atasiya mphika pamoto kwake.

Nyimbo inaduka. Ndinagwada pakhomo monga mwana woleredwa bwino, ndikugwirizira mkono, ndipo ndinayamba kunena kuti sikuti linali lalikulu kwenikweni. Amayi atcheya anali nesi wa zaka zambiri kuposa amayi anga. Anandikodola, anandikhazika pafupi, n'kuyamba kumasula bandeji pang'onopang'ono. Atafika pa bala amayi ena anatembenuza nkhope. Iwo anawerama, ananunkhiza, kenako anadina ndi chala chachikulu. Chala chinalowa n'kusiya chidindo chake. Anazula kachidutswa koyera kaja n'kukayang'ana pa kuwala kwa windo.

"Mwanawe," anatero, "fupa lako lili ndi nambala ya ku fakitale."

Mayi wina kukona anaphulika kuseka, koma anadzigwira pakamwa msanga. Ndisaname, mumtima ndinamuthokoza. Amayi atcheya anatenga foni yawo n'kuuza amayi kuti abwere kunyumba, mwana ali bwino, zina adzamva akafika.

Amayi analowa atavala yunifomu yokha, akunjenjemera ndi mphepo. Sanapatse moni munthu, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Anandigwira mkono, anautembenuza, anandigwira mutu, anandisuzumira m'maso ngati wodwala wawo. Kenako anaona phula lofiira lili pa mbale ya tiyi pa tebulo. Ndinkadikira mbama, mwinanso ndinkaifuna. Iwo anangokhala pansi, pa kapeti penipeni, miyendo atatambasula.

Foni yawo inalira asanayankhule. Anali amanijala a kuntchito. Tonse tinamva amayi akungovomera, akupepesa, akuvomeranso. Okalamba angapo anali atamwa mankhwala mochedwa, ngakhale palibe amene anadwala nazo. Anawauza kuti asapite kuntchito mpaka Lolemba, ndipo Lolembalo akaonekere ku ofesi. Aliyense m'chipindamo ankadziwa tanthauzo lake. Nesi akachotsedwa pa mlandu wotere, nkhani imatha kupita ku bungwe loyang'anira manesi, ndipo chiphaso chikapita ndiye kuti zaka zonse zija zapita.

Azakhali anafika kuchokera ku Derby anthu ali mkati mokambirana. Atamva zonse anandiloza ndi chala kwa nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa amayi. Anati palibe chifukwa chouza azungu zonse. Mwana anachita ngozi, mayi anathamanga, ndani sangamvetse? Chithunzi chilipo. Ena anavomereza kuti kumeneko si kunama kwenikweni, n'kungosiya zina. Wina anafunsa kuti nanga akafuna kalata ya ku chipatala. Wina anati angonena kuti anamusokera ku koleji konko. Amayi atcheya sanavomere, sanakane, ankangopukuta chala chawo ndi kapepala.

Ine ndinaona kuti mpata wokonza zinthu ndi umenewu. Ndinanena kuti Lolemba ndikhoza kuumba lina, lokhala ngati lasokedwa, la ulusi wakuda, n'kupita nawo limodzi. Ndinawatsimikizira kuti palibe angadziwe. Ndinanena monyadira, ndipo ndinkanena zoona.

Azakhali anati, "Alamu, mwamva? Mwana yemweyu wawononga, yemweyu akonze."

Alendo anapemphera, anavala nsapato zawo, anapita.

Lachisanu ndi Loweruka m'nyumba munali zii. Amayi ankaphika, kundiikira chakudya, n'kukadyera kuchipinda. Ndinatsuka mbale zonse, ndinakolopa ngakhale mosafunika kukolopa, koma sanaone. Lamulungu titabwera kutchalitchi, kumene aliyense anandigwira chanza akuyang'ana mkono wanga, ndinawapeza kukhitchini atavalabe nsalu ya kutchalitchi. Anali akuyang'ana chithunzi chija pa foni, akuchikulitsa ndi zala.

"Lokhala ngati lasokedwa lija," anafunsa osadzutsa mutu, "lingakutengere nthawi yaitali bwanji?"

Ndinati mphindi makumi awiri.

Anagwedeza mutu n'kuika foni chafufumimba. Amayi anga ndi munthu amene akafika mochedwa ndi mphindi zitatu amalemba nthawi yeniyeniyo m'buku la kuntchito ngakhale palibe akuwaona. Tsiku limenelo ndinawaona akuwerengera bodza m'mutu, ndipo amene ndinawafikitsa pamenepo ndinali ine. Pa zonse zimene ndinachita sabata imeneyo, ichi ndicho chimandiotcha nkhope mpaka pano. Ndinakwera kuchipinda kwanga osadya.

Lolemba m'mawa anagogoda pachitseko changa n'kundiuza kuti ndivale bulauzi ya manja aafupi. Kunja kunkazizira koopsa, koma sindinafunse.

Ku Evington anandikhazika pa mpando wa m'khonde, kunja kwa ofesi. Gogo wina wachizungu woyenda ndi chitsulo chogwirira anaima patsogolo panga n'kundifunsa ngati ndine mwana wa nesi uja amamuimbira nyimbo pomupatsa mapiritsi. Ndinavomera. Anandiuza kuti ndikawauze abwerere msanga chifukwa amene anabwera m'malo mwawo ali ndi manja ozizira. Ndinayang'ana pansi.

Patapita nthawi chitseko chinatseguka ndipo amayi anandiitana. M'katimo munali amanijala ndi bambo wina wolemba zokambirana. Amayi anali atanena kale zonse, za makiyi, za mankhwala, za chithunzi. Anandiuza kuti ndiike mkono pa tebulo, ndifotokoze ndekha. Ndinafotokoza m'Chingerezi, mawu akutuluka ang'onoang'ono, ndipo amayi atandiyang'ana ndinawonjezera za kuthimitsa foni zija, zimene ngakhale iwo anali asanazimve. Ndinaona phewa lawo likugwa pang'ono. Amanijala anapempha kuona chithunzi. Atachiona anagwira pakamwa, n'kuyang'ana mkono wanga wosalala uja, n'kuyang'ananso chithunzi. Ndivomere kuti kamtima kena mwa ine, ngakhale pamalo ngati amenewo, kanavina. Bala lija linali labwino. Zimenezo sindidzazikana.

Anatitulutsa, anakambirana, anatiitananso. Ntchito sinathe. Anawapatsa chenjezo lomaliza lolembedwa, ndipo kwa miyezi isanu ndi umodzi samaloledwa kutsala okha ngati nesi woyang'anira. Munthu amene anaphunzitsa ntchito theka la anthu a m'nyumbamo anayenera kumayang'aniridwa ndi amene anawaphunzitsawo. Amanijala anati nkhani siipita patsogolo chifukwa palibe anavulala, komanso chifukwa amayi sanabise kanthu. Amayi anasaina, anathokoza, anatenga chikhoti chawo chimene chinali chikhalire pa mpando kuyambira Lachinayi, n'kundiveka ine.

M'basi tinakhala mpando umodzi, kumwamba. Tinadutsa masiteji angapo. Kenako anatulutsa foni, anatsegulanso chithunzi chija, n'kundifunsa kuti nesi wanzeru akanazindikira pati kuti n'chabodza. Sanafunse mokalipa. Anafunsa ngati mmene amafunsira anzawo a kuntchito.

Ndinawaonetsa. Khungu la m'mbali silinatupe. Magazi anali ofiira mofanana paliponse, osada pena. Pa simenti panalibe dontho ngakhale limodzi, pamene bala lotero likanayenera kusiya chithaphwi. Ndinkalankhula ndikuloza ndi chala, ndipo mosazindikira mawu anga anayamba kukwera ngati ndili m'kalasi.

Amayi anayang'anitsitsa pamene ndinkalozapo, anavomereza chilichonse.

"Zonsezi ndikuziona tsopano," anatero. "Tsiku lija ndinangoona kuti ndi dzanja lako."

Anafufuta chithunzicho n'kuika foni m'chikwama. Anandiuza kuti nditsike m'tauni ndipite ku koleji, ndikawauze aphunzitsi ndekha asanamve kwa wina, ndipo madzulo tiyamba kuyenda m'makomo mwa amayi onse aja anasiya tulo ndi miphika yawo, kuyambira kwa amayi atcheya. Ndinafunsa ngati ku Derby tipitanso. Anati ku Derby ndipita ndekha.