Mpama wa Kuphiri la Chikala

Mkazi wanga anamwalira m'chaka cha njala, nandisiyira mwana wamkazi wa zaka ziwiri. Ndinali mphunzitsi pasukulu ya mishoni m'munsi mwa phiri la Chikala. Setifiketi ya kukoleji ndinali nayo, koma chimanga pamsika panalibe.

Apongozi anga anatumiza mawu kuchokera kwa Kalembo kuti Lamulungu adzabwera kudzatenga mwana. Pamwambo mwanayo ndi wakwawo, ndipo ine ndinalibe chomudyetsa. Akanachoka, m'nyumba ndikanatsala ndekha.

Amayi a m'mudzi ankakwera phiri kukakumba mpama, mizu yakutchire yomwe imadyedwa ikaviikidwa m'madzi kuti ululu uchoke. Mkazi wanga ankapita nawo. Lachitatu m'mamawa ndinatenga thumba ndi khasu, n'kukaima panjira yawo.

Wowatsogolera anali mayi wina wachisilamu, wamfupi, wosaseka wamba. Anandiyang'ana kumapazi.

"Aphunzitsi, nsapatozo mukupita nazo kutchalitchi?"

Ndinavula. Mayi wina anati mapazi anga ndi oyera ngati chinangwa chosenda, onse n'kuseka.

Mtsogoleriyo sankayenda patsogolo. Anaika kutsogolo mayi woyembekezera, yemwe anali wochedwa kuposa tonse, iye n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Ine ndinaona ngati kutaya nthawi. Ndinawapitirira, ndipo pa mphambano yachiwiri ndinalowa njira ya anyani. Mtsogoleri uja anandiitana kuchokera kumtunda.

"Aphunzitsi, kumeneko mukaphunzitsa anyani?"

Nditabwerera, tinawoloka thanthwe lalikulu lopendekeka, mmodzimmodzi, chokwawa. Titadutsa, mtsogoleri anatiuza lamulo lake: chithunzithunzi chikangofika pansi pa mapazi, tonse titsika. Mvula ya masana ikanyowetsa thanthwelo, palibe amene angawoloke ndi katundu.

Amayiwo ankadziwa tsinde lake ndi maso. Ine ndinakumba mizu iwiri yolakwika ndisanapeze weniweni. Unali waukulu, wolowa pansi pa mwala. Ndinakumba mpaka dzenje linandifika m'chigongono, manja atatuluka matuza. Unali utaoneka theka pamene mtsogoleri anati, "Tiyeni."

"Amayi, mundipatse kanthawi pang'ono."

"Iyayi."

"Tsogolani, ndikupezani."

"Kuno sitisiya munthu. Mukakhala, takhala tonse."

Anatula dengu lake n'kukhala pansi. Enawo anachita chimodzimodzi, amayi asanu ndi atatu, woyembekezera uja ali pakati pawo. Sanandikalipire. Anangokhala, miyendo atatambasula, akundiyang'ana ndikukumba. Kumbali ya nyanja ya Chilwa mitambo inali itayamba kuda.

Ndinakumbanso kangapo. Kenako mtsogoleri anati, osakweza mawu, "Akazi anu aja tinawadikirapo chonchi kamodzi. Iwo sanatichedwetse."

Ndinaimirira. Anandiuza kuti ndikwirire dzenjelo kuti muzu usaume, ndipo ndinakwirira. Thumba langa linali lopanda kanthu.

Tinawoloka thanthwe madontho oyamba akugwa. Womaliza anali mtsogoleri, dengu lili pamutu, thanthwe litanyowa kale. Anaterereka kamodzi n'kugwira udzu.

M'munsi mwa phiri, pamtsinje, mtsogoleri anandilanda thumba n'kuliika pansi lotsegula. Mayi aliyense podutsa ankaponyamo muzu umodzi, osandiyang'ana. Amene anaseka mapazi anga uja anaponya iwiri.

"Musende, muphike, muviike m'madzi oyenda masiku atatu," anatero mtsogoleri. "Atatu, aphunzitsi. Kuwerenga mumakudziwa."

Ndinachita monga ananenera. Loweruka madzulo ndinalawa ine poyamba, n'kudikira mpaka kutacha.

Apongozi anafika Lamulungu masana, atatenga nsalu yoberekera. Anapeza mwana ali pamphasa akudya. Anatola kachidutswa m'mbale, n'kununkhiza, n'kuluma pang'ono.

"Wakupatsani ndani?"

"Ndinakwera kuphiri ndi amayi a m'mudzi muno."

"Inu?"

"Inde."

Anayang'ana matuza a m'manja mwanga nthawi yaitali. Anafunsa ngati ndidzapitenso, ndipo ndinati Lachitatu. Anagona masiku awiri, akuchapa ndi kusoka zovala za mwana. Lachiwiri m'mawa anapinda nsalu yoberekera ija n'kuiika m'dengu mwawo. Anati adzabweranso mwezi ukaoneka, kudzaona ngati mwana sakuonda. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, mwana ali m'manja mwanga.