Tsiku limene abambo anadya denje

Kwathu kufupi ndi Chipoka, therere silinkafika m'mbale ya abambo. Abambo anali msodzi, ndipo ali mnyamata amalume awo anawatema mphini m'mikono kuti ng'ona zisamawayandikire. Anawachenjeza kuti akadzangolawa therere, mankhwalawo adzasukuluka. Ndiye kaya ndi therere lobala, kaya ndi denje, abambo ankangoliyang'ana cham'mbali. Limanda ndi chidede ankadya ndithu, ati poti izo n'zowawasa chabe, sizinanda.

Ine ndi amayi ndiye tinali ake enieni a denje. Dzinja likafika linkamera lokha m'mphepete mwa dambo kuseri kwa njanji, ndipo malo ake onse ndinkawadziwa. Amayi anali ndi kamphika kadothi ka therere lokhalokha, komwe ankakavundikira kuseri kwa khitchini kuti kasakhudzane ndi mbale za abambo.

Chaka chimenecho ndinali mu Sitandade 4. Mvula inali itagwa masiku angapo osapuma, msewu wopita kuboma n'kuduka. Masana ena abambo ankadya mcheni wowamba, uku akutisimbira za mnzawo yemwe anagwera m'madzi ndi wailesi yake yatsopano. Anaseka chakudya chili m'kamwa, kenako anangoti zii, dzanja lili pakhosi. Munga unali utawaima.

Poyamba palibe anada nkhawa, pakuti kunyanja munga ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Abambo anameza mbamu ya nsima yosatafuna, anameza nthochi. Mayi wina woyandikana nafe anabwera n'kuwaika munga wina pamutu, ati umaitana unzake. Abambo anakhala pamkeka ndi munga pamutu ngati mwana wolangidwa, koma wa pakhosiwo sunasunthe.

Kutacha zinthu zinali zitaipa. Mawu awo anasasa, malovu ankalavulira m'kachitini poopa kumeza, ndipo ngakhale madzi ankawamwa atatsinzina. Matola sankayenda. Ndinaona amayi akutsuka mbale imodzimodzi kawiri, ndipo apo m'pamene nanenso mantha anandigwira.

Kenako amayi anandiitana, mokweza dala kuti mawu afike pakhonde pomwe panali abambo. Anandiuza kuti nditenge lichero ndikathyole denje. Abambo anamva, koma sanatembenuke.

Ndinathamanga m'matope, udzu wonyowa ukundimenya m'miyendo. Tsiku limenelo ndinasankha nsonga zanthete zokhazokha, tsamba lililonse ndikulitembenuza kuona ngati lili ndi mbozi. Pobwerera ndinapeza amayi atatentha kale zitsononkho za chimanga. Phulusa lake anaika m'chitini chobowola pansi n'kuthiramo madzi, ndipo chidulo chinkadontha pang'onopang'ono m'mbale, chofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Chitawira m'kamphika kaja anaponyamo masamba aja. Denje likakumana ndi chidulo limafufuma ngati likufuna kuthawa, ndiye amayi ankalitakasa ndi mthiko n'kumaliuzira kuti lisasefukire. Anathiramo phwetekere mmodzi ndi kamchere. Atatukula mthiko, denje linatsatira m'mwamba osaduka.

Analipakula m'mbale ya abambo yeniyeniyo, pambali n'kuikapo kansima kofewa, n'kukagwada nazo pakhonde.

"Bambo a Esinati," anatero, "ng'onayo ili kunyanja. Mungawu uli pompano."

Abambo anayang'ana mbale ija nthawi yaitali. Kenako analoza kuchipata cha mpanda, amayi n'kukatseka kuti asodzi anzawo asaone. Abambo anasamba m'manja, anatema kansima, anatapa denje. Koma munthu wamkulu uja, wodziwa kukoka khoka ndi kuwongolera bwato pa mwera, sankadziwa kadyedwe ka therere. Linatambasuka kuchoka m'mbale mpaka pachibwano, lina n'kutsikira kuchigongono, kukamwa osafikako kanthu. Anayesanso, n'chimodzimodzi. Anandiyang'ana, n'kugogoda pamkeka pambali pawo.

Ndinali ndisanadyepo mbale imodzi ndi abambo. Ndinakhala pansi mwamanyazi n'kuwaonetsa. Umaboola kadzenje pa nsima ndi chala chachikulu, umatapa, umazunguza dzanja msangamsanga kuti lidzikulunge, kenako umalidulira m'mphepete mwa mbale. Anayang'anitsitsa ngati mmene ine ndinkawayang'anira akamaluka ukonde. Atalepheranso, ndinawagwira dzanja lawo lokhakhala lija n'kulizunguza ndekha.

Mbamu yoyamba inadutsa ndi misozi. Inanso chimodzimodzi. Amayi anaima chapatali atagwira pakamwa. Atameza kangapo, abambo anaima, anapendeketsa mutu ngati akumvetsera chinthu chakutali, n'kumeza malovu. Anamezanso. Anatenga chikho cha madzi n'kumwa onse osapuma.

Tinkadikira kuti anene kanthu. Anapukuta pakamwa, n'kunena ndi mawu osasa aja, "Mchere wachepa."

Amayi anakhala pansi pomwepo n'kuseka mpaka kupukuta m'maso ndi chitenje.

Koma nkhani sinathere pakhosi. Abambo anasiya kupita kunyanja. Tsiku lina ati ukonde wang'ambika, tsiku lina ati bwato likuchucha. Amalume awo aja anali atamwalira kalekale, ndiye panalibe wokawatemanso mphini. Ife tinkadya limanda lotendera tsiku ndi tsiku, ndipo amayi sanawakakamize ngakhale pang'ono. M'mawa wina abambo anangotenga nkhafi yawo n'kutsikira kunyanja. Amayi anasesa bwalo lomwe anali atasesa kale, ine kusukulu sindinamve chilichonse chimene aphunzitsi ananena. Nditaweruka ndinapeza utaka uli pathandala, abambo akugona pansi pa mtengo wa mango, miyendo yonse iwiri ilipo.

Kuyambira pamenepo, dzinja lililonse pakhosi pa abambo pankayamba kukanda. Ankatsokomola pang'ono amayi ali pafupi, amayi n'kundipatsa lichero osafunsa kanthu.

Masiku ano dambo lija muli nyumba. Therere lobala limapezeka pamsika chaka chonse kuchokera m'madimba othirira, chidede anthu akuchigulitsa ngati chakumwa m'mabotolo, ndipo ocheza chidulo atsala ochepa poti soda ali m'golosale iliyonse. Mwana wanga ataimidwa ndi munga ndingakwere naye kabaza wa njinga yamoto kuthamangira kuchipatala, sindingadikire mphika.

Abambo anasiya usodzi, mano nawonso anatha. Nditapita kukawaona chaka chatha ndinawaphikira denje logula, ndipo chifukwa cha changu ndinathira soda. Analawa kamodzi n'kukankha mbale pang'ono.

"Ana a masiku ano simudziwa kuphika therere," anatero. "Mutifunse ife amene tinakulira denje."

Amayi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Kenako amayi anadzuka pang'onopang'ono, atagwira m'chiuno, kukafuna zitsononkho.