Mauthenga a M'magazi Mwanga

Matendawo anayamba ndi kutentha thupi. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya ukalaliki pa ofesi ina m'tauni ya Blantyre, ndikukhala ndekha ku Chitawira. Ndinkangoti ndi malungo, koma akandiyeza sankawapeza. Masiketi anayamba kuvuka m'chiuno mpaka ndinkawagwiriza ndi pini. Kenako m'khosi munatuluka mwanabele wolimba, wosapweteka, wosaphwa.

Kuchipatala chachikulu anadulako kachidutswa n'kukayeza. Dokotala wamkazi, wolankhula mofatsa, ndiye anandiuza zotsatira: khansa ya m'magazi, yoyamba ndi kachilombo.

"Kachilombo kaja?" ndinafunsa.

"Ayi, mayi, si ka Edzi. Aka anthu ambiri ali nako kuyambira ali ana, ndipo sikawavuta. Kwa inu kanalowa m'maselo oteteza thupi n'kuwasokoneza. Pano akuchulukana mosaleka, komanso akutumiza mauthenga m'magazi, kuitana anzawo ngati kwagwa nkhondo. Kutentha thupiku, thukuta ndi kuwondaku zikuchokera ku kuitanako."

Anawonjezera kuti iwo ndi anzawo akufufuza za mauthenga amenewa, ndipo ndikalola azinditengako magazi pang'ono ndikabwera kudzalandira mankhwala. Ndikakana, chithandizo changa sichisintha. Ndinavomera pomwepo. Ndinali nditatopa ndi kudwala chinthu chosadziwika dzina, ndipo sindinafune kuti wina adzazungulire monga ndinazungulira ine.

Amayi anga anabwera kuchokera ku Nsanje kudzandidwazika. Atamva za magaziwo anaika pansi mbale imene ankatsuka.

"Mwananga, munthu watha kale chonchi, akupopenso magazi? Akupita nawo kuti?"

Kwathu nkhani za anamapopa sizisekedwa. Ndinayesa kufotokoza, koma amayi anangoti madokotala andinyengerera chifukwa ndafooka. Masiku angapo tinkadyera pamodzi osalankhulana kwenikweni. Tsiku la mankhwala litakwana ndinawauza kuti, "Amayi, valani. Mukaone nokha, ndipo mukafunse zonse zimene zili kumtima kwanu."

Tinakwera minibasi, iwo atakhala kuzenera, nkhope ili gwa. Kuchipatala anayang'anitsitsa namwino akudzaza kabotolo kochepa ngati chala. Kenako anatembenukira kwa dokotala uja.

"Magazi a mwana wangawa mukufunamo chiyani?"

Dokotala anawafotokozera monga anandifotokozera ine, osathamanga.

"Ndiye amuchiritsa?"

"Kafukufukuyu ayi, amayi. Chomuchiritsa ndi mankhwala ali m'diripiwa. Magaziwa mwina adzathandiza odwala a m'tsogolo, koma sindingalonjeze."

"Mukanati amuchiritsa, ndikanadziwa kuti mukunama," anatero amayi. Sananene kuti avomera, ndipo mpaka lero sananenepo. Koma kuyambira tsiku limenelo ankandigwira mkono namwino akamalowetsa singano.

Mankhwala a m'diripi anali owawa kuposa matendawo. Ndinkasanza, m'kamwa munatuluka zilonda, tsitsi linathothoka ndipo ndinayamba kuvala duku. Ena amene tinkakhala nawo pabenchi podikira mankhwala anasiya kubwera. Mayi wina wogulitsa tomato ku Mbayani anandiuza kuti watopa, akayesa kwa asing'anga, sindinamuonenso. Ine ndinadziuza kuti ngakhale mokwawa, ndizifika. Miyendo ikakana, amayi ankandiimika, tinkayenda pang'onopang'ono mpaka pa siteji.

Choyamba kusiya chinali thukuta. Kenako thupi linazizira, mwanabele anaphwa, ndipo tsiku lina ndinapempha chinangwa chokazinga cha m'mbali mwa msewu n'kuchimaliza chonse.

Mvula yoyamba itagwa, amayi anabwerera kukadzala. Ine ndinabwerera ku ofesi, tsitsi likungomera kumene. Dokotala sananene kuti ndachiriratu, anati tizionana. Ndimapitabe kuchipatala, ndipo ndikakumana pabenchi ndi wodwala watsopano, ndimasendera pafupi n'kumufunsa kumene amakhala, kuti akadzajomba ndidzadziwe kokamufuna.