Njinga ya Aphunzitsi a ku Malindi

Kuseri kwa msika wa Mangochi, kumene amagulitsa malata ndi misomali, kuli khumbi lotsamira pamtengo wa mango. Pansi pake pali beseni la madzi oyesera machubu, chitini cha masipanala, ndi mulu wa malimu opindika omwe mwini wake amati tsiku lina adzawawongola. Mwini wakeyo ndi Che Swadick, munthu wamtali, wa ndevu zochepa, wosakonda kuseka mokweza. Akabaza amati dzanja lake ndi labwino pa masipoko. Wilo akalimanga iyeyo, ukhoza kukweza thumba la chimanga ndi mwini wake yemwe, n'kukafika ku Chowe osamva kalikonse kakulira.

Swadick anabadwira ku Malindi, m'banja la asodzi, koma madzi sanamukonde. Akangokwera bwato, m'mimba munkamutembenuka, n'kumasanza mpaka abale ake kutopa ndi kuseka. Bambo ake anayesa kumukalipira, kenako anangomusiya kuti azipita kusukulu ya mishoni, poti kunyanja analibe naye ntchito.

Kusukuluko kunali aphunzitsi ena, a Yakobo, amene anali ndi njinga yosafanana ndi ina iliyonse m'deralo. Inali yobiriwira, ya matayala opyapyala ngati chala, mahandulo ake opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, chishalo chake chachikopa cholimba. Anawasiyira ndi mzungu wina amene ankagwira ntchito pachipatala, pamene ankabwerera kwawo. Anthu ankaiseka kuti njinga yopanda keliyala, yosanyamula ngakhale mtolo wa nkhuni, ndi yantchito yanji. Koma a Yakobo akawerama pamahandulopo, malaya akuwuluka kumbuyo, ankafika kutauni anzawo asanathe theka la njira.

Swadick sankaseka nawo. Nthawi yopuma ankangozungulira pakhonde pamene njingayo inkatsamira, mpaka a Yakobo anamuona. Anamuphunzitsa kumata chubu, kuthira mafuta patcheni, ndi kumvetsera wilo likamazungulira. Sukulu itamukanika, ndi iwo omwe anamutenga n'kukamusiya kwa mnzawo wokonza njinga kutauni, n'kunena kuti, "Mwana uyu masamu ayi, koma manja ali nawo."

Ndi mmene anayambira. Anakwatira Naima wa ku Chowe, anabereka ana, anamanga nyumba ya njerwa zootcha. Zitayamba kuchuluka njinga za kaunjika zochokera kunja, nayenso anayamba kugula ndi kugulitsa. Mwa apo ndi apo, pakati pa njinga zimenezo pankapezeka ina yothamangira, yakalekale, yomwe akabaza sankaiyang'ana n'komwe. Swadick ankaitenga, n'kuitsuka, n'kuipachika pamtengo wa mango kuti azingoiona.

Njinga zopachikazo ndi zomwe zinaimitsa Raymond, mkulu wowerengera ndalama pa loji ina ku Nkopola, amene Lamlungu lililonse ankavala kabudula wothina ndi chisoti n'kumatchova njinga mumsewu wa ku Monkey Bay. Anacheza nthawi yayitali tsiku limenelo. Pochoka, Raymond anati, "Akulu, inu mukuwonongeka pansi pa mtengo pano. Pali gulu lathu pa WhatsApp la okonda njinga zakale zothamangira. Ndikuikanimo."

M'gulumo munali madokotala a ku Blantyre, maloya, ogwira ntchito m'mabungwe a ku Lilongwe. Ankagulitsana magiya, zishalo ndi mahabu a mawilo, ankakangana za chaka chimene njinga yakutiyakuti inapangidwa. Swadick ankawerenga zonse koma osalembamo kanthu. Chingerezi chake chinali choperewera, ndipo njinga zake zopachika zinali zawamba poyerekeza ndi zomwe anzakewo ankajambula zitatsamira pamagalimoto awo.

Chaka chimenecho a Yakobo, atapuma kale ntchito, anadwala matenda ofa ziwalo, ndipo shuga anali atawawononga maso. Mwana wawo wamkazi, Elina, anafika ndi njinga ija itamangiriridwa pamwamba pa minibasi.

"Achimwene, bambo akuti muwasungire," anatero Elina. "Kunyumba ikuchita dzimbiri, adzukulu akuiseweretsa. Akuti muikonze bwino, akachira adzaifuna."

"Nanga akupeza bwanji?"

Elina anangopukusa mutu.

Swadick anaikonza ndi mtima wonse. Anaimasula yonse, anaitsuka ndi palafini, chishalo anachipaka mafuta mpaka chikopa chinadzuka. Atamaliza anaijambula n'kutumiza chithunzi kugulu lija, kwa nthawi yoyamba. Foni siinagone tsiku limenelo. Wina anafunsa chithunzi cha magiya, wina cha kachizindikiro kamkuwa kakutsogolo. Dokotala wina analemba kuti njinga yotere m'Malawi muno sanaionepo. Kenako loya wina anafunsa kuti, "Ndi yanu, bwana?"

Swadick anayang'ana mawu akuti bwana aja kwa nthawi. Anayankha kuti, "Eya, ndi yanga."

Patapita masiku, Raymond anabwera kudzaiona ndi maso. Anasisita chishalo chija n'kunena kuti chake chinang'ambika, ndipo chotere sichipezekanso. Swadick anakana. Raymond anaseka n'kunena kuti, "Inu simutchova n'komwe, akulu. Chishalo chikungokhala m'mwamba." Swadick anaganiza za nkhalamba yogona pamphasa ku Malindi, yomwe mwendo wake wina sunkayendanso. Adzakhalanso pachishalochi liti? Anachimasula, n'kuikapo china chakuda chapulasitiki.

Chishalo chitapita, zotsalazo sizinavutenso. Magiya anakwera basi kupita ku Blantyre kwa dokotala uja. Mabuleki anapita ku Lilongwe. Mawilo onse awiri anatenga loya. Aliyense akalandira katundu wake ankalemba m'gulumo kuyamikira Che Swadick a ku Mangochi, katswiri, munthu wokhulupirika, ndipo Swadick ankabwereza kuwerenga mawuwo ali yekha. Pamalo pa chilichonse chochoka ankaikapo china chotsika mtengo cha pamsika, n'kumadziuza kuti njinga ikadali yomweyo, ikuyendabe. Chomaliza kuchoka chinali kachizindikiro kamkuwa, kamene kanasiya timabowo tiwiri pachitsulo.

Naima anafunsapo kamodzi, atabwera ndi chakudya chamasana. "Bambo a Sumaiya, njinga ya aphunzitsi ija ndi yomweyi? Ikuoneka ngati yadwala nawo."

"Za njinga umazidziwa iwe?" anatero Swadick. Naima anatenga mbale zake n'kumapita, ndipo sanafunsenso.

Mvula itatha, Elina anaimba foni. Bambo ake anali atapezako bwino, ankakhala pampando, mawu ankamveka bwino. Ankafuna njinga yawo Loweruka, ndipo anati Swadick abwere nayo yekha.

Swadick anasiya chubu chimene ankamata, guluu n'kuumira pomwepo. Anaganiza zonena kuti yabedwa. Anaganiza zodwala. Anaimbira Raymond kuti amubwereke chishalo chija kwa tsiku limodzi lokha, koma Raymond anali ku Zomba ndi njinga yake. Loweruka litakwana, anatseka timabowo tija ndi tepi wakuda, n'kuyamba ulendo. Maso a aphunzitsi anafa, anadzilimbitsa mtima choncho akuwoloka mlatho, sakaona kanthu.

Anawapeza pakhonde, ataonda, ndodo ili pambali. Panalinso Elina, mwamuna wake, ndi akulu awiri a kutchalitchi amene anabwera kudzawazonda. Swadick anagwada n'kupereka moni.

"Iwe Swadick, wakula mawu," anatero a Yakobo. "Bwera nayo pafupi."

Anaikankhira pafupi ndi mawondo awo. A Yakobo anatambasula dzanja lawo lamoyo lija n'kuyamba ndi mahandulo, akumwetulira. Zala zinatsikira pamabuleki, zinafinya, zinafinyanso. Zinapita pachishalo n'kuima. Anachidina ndi chala chachikulu, pulasitiki n'kubonyoka. Kumwetulira kuja kunazilala pang'onopang'ono. Anawerama movutikira n'kugwira tayala, limu, masipoko. Kenako dzanja linakwera kutsogolo kukafuna kachizindikiro kaja, n'kupeza tepi. Chikhadabo chinakanda tepiyo mpaka chinalowa m'kabowo.

Swadick anagwetsa nkhope. Ankayang'ana nyerere imene inkakoka kachidutswa ka usipa pasimenti, n'kumadikira mawu amene akanamuvula pamaso pa anthu onsewo.

"Waisamala bwino, eti bambo?" anafunsa Elina. "Onani mmene ikuwalira."

"Ikuwala?" anatero a Yakobo. Anachotsa dzanja lawo n'kuliika pabondo. Anatembenukira kwa akulu aja. "Poti mwabwera, mukhale mboni," anatero kenako. "Ine kutchova kunatha. Ana angawa njingayi saidziwa, adzaigulitsa kwa ogula zitsulo. Mwana uyu ndinamuphunzitsira panjinga imeneyi. Kuyambira lero ndi yake."

Akulu aja anawomba m'manja. Mwamuna wa Elina anamugwira chanza Swadick n'kumugwedeza phewa. Wina anati masiku ano ana okumbukira aphunzitsi awo ndi osowa. Swadick anaphimba nkhope ndi manja. Anthuwo anaganiza kuti ndi chimwemwe. Anamupatsa thobwa, anamwa osamva kukoma kwake.

Pobwerera sanaikwere. Anaikankha mpaka nyumba za ku Malindi zitabisika, n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu, dzuwa likumuwotcha, akabaza omudziwa akumufunsa ngati waphulitsa tayala. Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali chakuti nkhalambayo inadziwa, ndipo inamuphimba ngati mmene mayi amaphimbira mwana wodziyipitsira pagulu.

Sabata yotsatira anayamba kulondola katundu uja. Raymond anamumvetsera ali chiimire pachipata cha loji.

"Mesa munati ndi yanu?"

"Ndinanama."

"Pano ndi yanu, si choncho? Ndiye vuto lili pati?" Raymond anaseka, koma ataona nkhope ya Swadick analeka. Anati chishalocho anasinthanitsa kale ndi mnzake wa ku Zomba, yemwe anapita nacho ku Joni. Dokotala wa magiya sanayankhe mafoni. Loya anati mawilo anawamanga kale panjinga yake, ndipo malonda akatha atha. Munthu wa ku Lilongwe yekha ndi amene anabweza mabuleki, osafunsa zambiri. Swadick anatuluka m'gulu lija osatsanzika.

Madzulo ena anamuuza Naima zonse. Naima anali akusankha mpunga ndipo sanadzutse mutu. "Ndinaona," anatero. "Kauzeni eni ake, osati ine."

Anapita. Anawapeza a Yakobo ali okha pakhonde, wailesi ikulira pansipansi. Atapatsana moni, Swadick anayamba kuti, "Aphunzitsi, za njinga ija, pali zimene ine..."

"Ndinamva ndi dzanja langa," anamudula a Yakobo. "Usandiuzenso ndi pakamwa, ungandipweteke kawiri."

"Mundikhululukire."

"Unali ndi njala?"

Swadick akanatha kuvomera, koma bodza linali litamukwana. "Ayi. Ankanditcha bwana."

A Yakobo anapumira m'mwamba. Sananene kuti amukhululukira, sananenenso kuti ayi. Anamufunsa za ana ake, za mtengo wa matayala masiku ano, ndiponso ngati msewu wa kumlatho anaukonza. Kenako anati atopa, akufuna kukagona. Swadick anawagwira mkono n'kuwalowetsa m'nyumba, ndipo anadabwa ndi kupepuka kwawo.

Anapitako kangapo pambuyo pake, atanyamula shuga wapadera wa odwala matenda a shuga kapena sopo, ndipo nkhaniyo sinatchulidwenso. A Yakobo anamwalira nthawi ya mphepo ya mwera. Pamaliro, mmodzi wa akulu aja polankhula anamuloza Swadick, kuti taonani Msilamu amene anakonda mphunzitsi wake Mkhristu ngati bambo ake omubala. Anthu anatembenuka kumuyang'ana. Swadick anazolika mpaka mwambo unatha, ndipo sanadikire chakudya. Elina mpaka lero sadziwa, ndipo akabwera kutauni amamubweretsera chinangwa.

Njingayo ili kuchipinda kwake, kuseri kwa chitseko, itafundidwa chitenje chakale cha Naima. Mabuleki aja anawabwezeretsa. Zina zonse zikadali za pamsika.

Ntchito akugwirabe pansi pa mtengo womwe uja, ndipo masipoko amamanga bwino ngati kale. Chimene chinasintha n'chakuti salolanso kusungira munthu njinga. Ukabwera nayo, uzikhala pabenchi mpaka amalize, ndipo chitsulo chilichonse chimene wachotsa, ngakhale kanati kodyeka, amakupatsira m'manja. Akabaza amadandaula kuti Che Swadick ayamba kuvuta, akuwatayitsa makasitomala powakhazika pabenchi ngati ali kuchipatala. Tsiku lina mmodzi wa iwo, Amidu, anaumirira kuti asiye njinga yake akatenge mawa.

"Che Swadick, ine ndimakukhulupirirani. Mungandibere chiyani inuyo?"

Swadick sanadzutse mutu. Anapitiriza kuzunguza wilo, khutu lili pafupi ndi limu.

"Khala pansi, Amidu," anatero. "Sindichedwa."